Ndinkangochotsa Ufiti pa Kachasu

Ayi, ayi, manjawo ikani pansi. Musandiombere. Sindinapambane mpikisano ine, ndipo ena mwa inu mukuombanu ndi omwe aja munkandidutsa ndili thasa m'ngalande, osandifunditsa ngakhale chitenje changa chomwe. Ndakuonani, mayi, musabise nkhope. A animadori, atsogoleri a kapela yathu ino, andipempha kuti ndiyankhule pagulu lathu lino la anthu olimbana ndi mowa, ndiye ndiyankhula, koma ndiyankhula mmene ndikumvera mumtimamu. Amene wabwera kudzamva nkhani yokoma yothera ndi nyimbo, khomo la kapela ndi ilo, silinatsekedwe.

Ine ndine Filomena, Naphiri, wa konkuno ku Nsadzo. Kale anthu ankandiitana amake Rozina. Mwana ndili naye mmodzi yekha padziko pano, ndi Rozinayo, ndipo sakhala ndi ine. Nkhani yanga yonse ndi imeneyi: mmene ndinatayira mwana wamoyo, ndi mmene ndavutikira kuti ndimutengenso.

Ndinabadwira ku Zambia, makolo anga atathawa nkhondo. Tinabwerera kuno ndili kamtsikana kosatha kusinja. Malemu mayi anga anali munthu wa kolona m'khosi, mowa pakhomo pathu sunkafika ngakhale pa ukwati. Ine ndinakula choncho, ndinkaimba kwaya, ndinakwatiwa, ndinabereka, pakamwa pangapa pasanadutse dontho. Mwamuna wanga anapita ku Tete kukafuna ntchito Rozina akukwawa. Poyamba ankaimba foni. Kenako ndikamuimbira ankandiyankha ndi mzimayi wa m'foni uja wa Chipwitikizi, wonena kuti nambala sikupezeka, mpaka lero. Koma musathamangire kunena kuti ndinayamba kumwa chifukwa cha mwamuna. Bodza limenelo. Mwamuna anapita ine n'kumalima ndekha, chimanga n'kumadzaza nkhokwe. Chimene chinandiyambitsa ndi chaching'ono moti ndikamachikumbuka ndimafuna kudzimenya ndekha.

Tsiku lina masana ndinkachokera kuchigayo, ufa pamutu, Rozina kumsana akutsokomola. Mvula inangoti khuthu, yosachenjeza. Kapela inoyi ndinkaiona poteropo, koma khonde la a Nangozo linali pafupi, kungodumpha msewu. A Nangozo mukuwadziwa nonse, otcheza kachasu aja a pafupi ndi msika. Ndinaima pang'ono pamsewu, madzi akuyenderera m'khosi mwa mwana. Ndinati aaa, mvula yake yomweyi, ndingobisala apa. Basitu. Ndinadumpha msewu.

Pakhondepo panali azibambo angapo, nawonso mvula inawatsekera. A Nangozo anali kuseri akumata mtsuko wa pamoto, manja ali matope okhaokha. Anandikuwira: "Naphiri, tandithandizani mwana wanga, athirireni abambowo, galafa lili pamenepo." Munthu wamkulu wakupatsa pobisala, ungakane kumugwirira botolo? Ndinathira m'kopo, ndinagwada, ndinapereka kwa mdala wina wa chipewa chakuda.

Mdalayo sanalandire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Chotsani ufiti kaye, mayi."

Mwambo umenewu mukuudziwa. Wopereka mowa amayamba ndiye kulawa, kuti wolandira aone kuti mulibe mankhwala. Ine ndinati, "Pepani bambo, ine sindimwa."

Onse anaseka, koma mdala uja sanaseke. Anati, "Simumwa, kapena mukudziwa chimene mwathiramo? Inu obwera ku Zambia inu munabwera ndi zambiri m'mitolo mwanu."

Abale anga, mukuwamva mawu amenewo? Mayi anga anafa anthu akuwanong'ona kuti anabwera ndi zitsamba zachilendo, chifukwa chakuti chimanga chawo chinkabereka kuposa cha anzawo. Ndiye ine, mkazi wopanda mwamuna pakhomo, nditchuke kuti ndinakana kulawa chimene ndathira ndekha? Mawa mdalayo akanangodwala m'mimba, dzina likanakhala langa. Ndinakweza kopo lija n'kukhudzitsa pamlomo. Kunandiwotcha mpaka m'makutu, ndinatsokomola, misozi mbwee, azibambo aja akugwa ndi phwete. Mdala analandira kopo lake, anamwa, mvula inakata, ine ndinapita kwathu. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Patangopita masiku, a Nangozo anafika pakhomo panga ndi kasopo ndi kashuga. Amati azibambo aja akufunsa za mayi waulemu wogwada popereka uja. Amati, "Muzibwera tsiku la msika lokha, muzingothira, ntchito yake ndi iti pamenepa?" Ndinayang'ana sopoyo, ndinayang'ana zovala za Rozina, ndinavomera. Tsiku la msika linabala masiku ena. Ndinaphunzira kuviika madeya ndi shuga, kumata mtsuko, kulumikiza mpope, kudziwa kachasu woyamba kudontha amene timamutcha mutu. Chaka chisanathe ndinali ndi mtsuko wanga ndi mpope wanga kuseri kwa nyumba yanga, ndipo kopo lililonse lotuluka m'manja mwanga linkayamba ladutsa pamlomo panga.

Tsono ndikufuna azibambo muli munonu mundiyang'ane. Inu mumadziwa chimene mumachita. Munthu mmodzi, m'malo mogula galafa lonse n'kukhala nalo phee, ankagula kakopokakopo, ndipo kakopo kalikonse, "Chotsani ufiti, Naphiri." Ufiti wanji? Wachoka kale m'botolo lomwelo kangati? Munkatsinana, munkachita kupikisana kuti tione lero agwa nthawi yanji. Ndikayamba kubwebweta munkati ndiimbe nyimbo za kwaya, ine n'kumaimba zopatulika ndikudzandira, inu mukuvina. Wina ali muno anandiuzapo kuti ndikaledzera ndimakongola. Sindikutchula dzina chifukwa akazi anu ali pambali panupo, koma mtima wanu ukudziwa. Munatenga mwambo wotetezera moyo wa munthu n'kuusandutsa chingwe chondikokera pansi. Manyazi mulibe!

Koma nanenso ndisadziyeretse. Linafika tsiku loti kunalibe wogula ngakhale mmodzi, ine ndinathira m'kopo n'kuchotsa ufiti ndekhandekha, wopatsa palibe. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufuna chifukwa. M'mawa ndisanasukusule, kakopo kochotsa matsire. Masana kolawa ngati watcheza bwino. Munda unamera tchire mpaka mbuzi zinkasocheramo. Ufa ndinayamba kusinthanitsa ndi shuga. Rozina ankadya m'makomo mwa anthu, nsabwe zili mbuu m'mutu. Ku kwaya sanandichotse ndi pakamwa, ayi, akhristu sachita zimenezo, anangoyamba kusendera ndikakhala pabenchi. Amayi anzanga a mumpingo uno, amene munkabwera kudzadya kwa mayi anga, palibe ndi mmodzi yemwe anagogoda pakhomo panga kudzati Filomena, chavuta n'chiyani? Munali ndi nthawi yondipeka dzina lokha. Amake Rozina anatha, ndinasanduka Nakachasu, mpaka ana a sukulu ankandikuwiza choncho.

Tsiku limene ndinataya mwana kunali dzuwa loswa mtengo, nthawi ya chilimwe. Ndinali kuseri ndikutcheza. Mutu utayamba kudontha ndinalawa, ndinalawanso, ndinatsamira chipupa kuti ndipume pang'ono. Rozina anali asanadye chiyambire m'mawa, madzi mumtsuko wakumwa munalibe chifukwa sindinapite kumjigo. Mwana wa zaka zitatu akaona chinthu chikudontha amati ndi madzi. Anapita kukakinga, anapunthwa, anagwira mpope wamoto ndi dzanja lamanja n'kugwera nalo pamakala.

Akuti analira moti anthu anamva ali kumsika. Ine ndinali pomwepo, kutalika kwake ngati pano ndi pakhomo apo, ndipo sindinamve. Anandigwedeza, anandithira madzi, ine fwii, tulo. Nditadzuka dzuwa litapendeka ndinapeza moto wazima, kachasu watayikira pansi, ndipo chinthu choyamba chimene ndinadandaula ndi kachasuyo. Ndanenatu kuti sindibisa. Ndinayamba kutukwana wozimitsa moto wanga, mpaka mayi woyandikana nane anandiwomba mbama n'kundiuza kuti mwana wanga ali kuchipatala.

Anamwino anayesetsa, koma zala ziwiri zinamatirira kuchikhatho, siziwongoka mpaka pano. Mawa lake kunafika alongo anga, a Ernesito, ochokera ku Mualadzi. Ndi akulu kwa ine, ndiwo eni mbumba yathu chimwalirire mayi. Munthu wosayankhula zambiri. Anayang'ana dzanja la mwana, anandiyang'ana ine, anasuntha pang'ono chifukwa cha fungo langa.

Anati, "Mlongo, mwanayu akatuluka muno ndikupita naye."

Ndinalalata chipatala chonse chinamva. Ndinati munamubereka ndinu? Ndinati akazi anu alephera kukuberekerani wamkazi ndiye mukufuna wanga? Zimenezotu ndinanena, kwa munthu amene anandibereka kumsana pochokera ku Zambia. Iwo anadikira nditope, kenako anati, "Sindikukulandani, ndikukusungirani. Tsiku limene mudzasiye mowa, ine ndekha n'kuona ndi maso angawa, mudzabwere mudzamutenge." Mwana atatuluka m'chipatala anamukweza panjinga, dzanja lili m'mabandeji, anapita.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ha! Ndinamwa ngati ndikulipidwa. Tsopano chifukwa ndinali nacho, chachikulu, chomvetsa chisoni, ndipo ndinkachifotokoza kwa aliyense wondigulira. Apa ndi pamene munkandipeza m'ngalande paja. Tsiku lina ndinapita kwa a Nangozo kukawatukwana kuti anandiphera moyo. Anandiyankha ali phee, akutsuka mabotolo: "Ndinakutsegula pakamwa ine?" Mpaka lero ndikawaona magazi amandiwira, chifukwa ankadziwa bwinobwino kumene kanjira kameneka kamathera, anaona akazi angati akugwa, koma anabwera ndi sopo pakhomo pa mkazi wosowa. Komanso chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ananena zoona: pakamwa ndinatsegula ndekha.

Kunadutsa kukolola kuwiri ndisanamuone mwana. Tsiku lina ndinadzuka ndi ukali, ndinati lero ndikukamutenga, afune asafune. Ndinagulitsa nkhuku yotsala, ndinamwa kakopo kolimbitsa mtima, ndinamangirira kagalafa kakang'ono m'chiuno mkati mwa chitenje, ndinakwera mota, njinga yamoto ija, ya ku Mualadzi. Titatsala pang'ono kufika, tayala linaphulika. Wamota anatukwana, anakhala pansi, n'kundilozera kanjira kodutsa m'minda. Anati ndikatsata kameneko ndikatulukira kuseri kwa mudzi.

Mvetsani bwino pamenepa. Ndikanafika ndi mota pamsewu, mudzi wonse ukanamva kulira kwa injini. Alamu anga, akazi a alongo angawo, akanathamanga kukamusambitsa mwana, kumuveka diresi, kumukhazika pamkeka kuti apereke moni. Ndikanaona mwana wokonzedwa, ndikanayamba ndewu yanga, akanandithamangitsa, ndikanabwerera kudzamwa. Koma tayala linaphulika, ndipo ndinafika wapansi, mwakachetechete, kuseri kwa nkhokwe ya alongo anga, popanda ngakhale galu wondiuwa.

Ndinamva mawu a ana. Ndinasuzumira. Pansi pa mtengo wa mango ana ankasewera masanje. Ena ankaphika dothi m'tizitini, wina anali bambo wochokera kumunda. Ndipo chapambali, atakhala pachidina, miyendo tang'a, panali Rozina wanga. Anali atakula, tsitsi loluka bwino, masaya odzaza. Patsogolo pake anandandalika tizitsekerero ta mabotolo, ndipo m'kachitini anali ndi madzi amatope otunga pamene pamasambira abakha.

Kamnyamata kena kanabwera kakuyenda monyang'wa, n'kuti, "Odi kwa Nakachasu! Tipatseni wa mutu."

Rozina anathira madzi aja m'kachitsekerero. Anagwira ndi dzanja lopsa lija, zala ziwiri zopindika, zitatu zikugwira. Anagwada mmene ndinkagwadira ine, mwaulemu, mutu kupendeketsa. Kamnyamata kaja kanati, "Chotsani ufiti kaye."

Mwana wanga anamwa. Osati kunamizira, anamwadi madzi a abakha aja, anakwinya nkhope, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Kupukuta kwakeko ndi kwanga, ndendende. Kenako anati, "Ufiti wachoka, imwani bambo." Anabwera wina, anamwanso. Anabwera wina, anamwanso. Kenako anaimirira, anayamba kudzandira, akuimba nyimbo ya Mariya mokoka mawu, anzake akuomba m'manja, akukuwa kuti, "Igwa! Igwa ngati amako!" Ndipo anagwa chagada m'fumbi, anatsegula pakamwa, n'kuyamba kuliza mkonono. Kamtsikana kena kanatenga chidole cha chitsononkho, kanachiika pambali pake n'kumachiliritsa, kukuwa kuti mwana wapsa, mwana wapsa. Rozina sanagwedezeke. Ankadziwa kuti pamenepa mayi sadzuka.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji nditagwira nsichi ya nkhokwe. Ine ndinkadziuza masiku onse kuti mwana anali wamng'ono, sakumbuka kanthu, akadzandiona adzandithamangira. Kani anasunga zonse. Chokhacho chimene anachoka nacho kwa mayi wake ndi chimenecho, ndipo ankachisewera bwino kuposa ana onse, n'chifukwa chake ankamupatsa malo amenewo.

Ndinatumphuka. Ndinamenya tizitsekerero tija ndi phazi, ndinamudzutsa mwana ndi mkono, ndikukuwa kuti siya, siya zimenezi! Ana onse anabalalika. Rozina anandiyang'ana, sanandizindikire msanga, kenako fungo linamuuza. Anakuwa, anadzipulumutsa m'manja mwanga, anathamangira kukhitchini akuitana, "Amama! Amama!" Amama akewo anali alamu anga, ndipo anakabisala kuseri kwa chitenje chawo.

Alongo anga anatuluka ndi khasu losakhoma m'manja. Ndinawalusira, ndinati mwana wanga mukumulera chotere, mukumulola azisewera zauchidakwa? Anati, "Tamukwapula, tamuletsa, akakhala yekha amayambiranso. Mwana amasewera zimene anaona, mlongo. Kuno sanazione." Kenako anayang'ana m'chiuno mwanga pamene kagalafa kanatukumula chitenje, anangopukusa mutu. Anauza akazi awo kuti andipatse madzi akumwa ndi chinangwa cha panjira.

Apa mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinataya kagalafa kaja m'tchire, angelo n'kuimba. Sindinataye. Ndinamwa konse ndili m'minda momwemo, ndikulira ngati mwana. Koma kwa nthawi yoyamba kachasu anakana kugwira ntchito yake. Ndinamwa, chithunzi cha mwana ali chagada m'fumbi osachoka. Nditafika kwathu ndinamwanso, osachoka. M'mawa mwake ndinapita kuseri kuti ndikoleze moto wotchezera, ndinagwada, ndinayang'ana mafuwa aja pamene dzanja lake linagwera, machesi ali m'manja. Sindinayatse. Palibe mawu amene ndinamva kuchokera kumwamba. Ndinangolephera kuyatsa, ndipo mawa lake ndinalepheranso.

Tsono kwa inu amene muli m'matope momwe ndinalimo, mverani zimene ndinachita, chifukwa kulira kokha sikusiyitsa munthu mowa.

Poyamba ndinachita zopusa. Ndinati ndisiya kumwa koma ndizigulitsabe, ndizikaoda kwa ena, nanga ndidya chiyani? Wogula woyamba anati chotsani ufiti, ine ndinakana. Anabweza kopo. Wachiwiri anamwa monyinyirika, mawa lake anatsegula m'mimba chifukwa cha zimene anadya kwawo, ndipo pofika madzulo msika wonse unkati Naphiri wayamba kuthira mankhwala, n'chifukwa chake salawa. Mwaona? Ntchito imeneyi ilibe khomo lotulukira chammbali. Wogulitsa amamwa, wosamwa sagulitsa. Mtsikana iwe wakhala pafupi ndi zenera, ndamva kuti wayamba kuthandiza azakhali ako tsiku la msika. Usandiyang'ane choncho, sindikukuchititsa manyazi. Ndikukuuza kuti tula botolo limenelo sabata ino, ngakhale azakhali akutukwane mpaka chaka chithe.

Mtsuko ndinauswa. Mpope sindinagulitse, chifukwa ukanakagwetsa mkazi wina. Ndinaupinda ndi mwala n'kuuponya m'chimbudzi.

Kenako thupi linandiukira. Manja kunjenjemera moti sindinkatha kumanga chitenje, thukuta, kusanza, kuona zinthu zoyenda pachipupa. Musalimbane nazo nokha zimenezi, zimapha. Mayi woyandikana nane uja, yemwe anandiwomba mbama, ndi amene anandikweza panjinga kupita nane kuchipatala, ndipo anamwino anandithandiza mpaka kunjenjemera kunatha. Mayi ameneyu sapemphera nafe, sadziwa ngakhale kuchita chizindikiro cha mtanda, koma ndi iye amene ankabwera m'mawa uliwonse ndi phala n'kuima pamenepo mpaka nditamaliza. Akhristu anzanga, zilowe m'makutu zimenezi. Pezani munthu mmodzi wosakuopani, amene angakununkhizeni pakamwa osapepesa. Ndipo muzidya m'mawa, chifukwa m'mimba mopanda kanthu ndimo mmene chilakolako chimakulira.

Njira ndinasintha. Kuchigayo ndimazungulira kuseri kwa sukulu, kutali, kuti ndisadutse pakhomo pa a Nangozo. Anthu amaseka kuti ndimaopa khonde. Eee, ndimaliopa, nanga n'chifukwa chiyani ndisaliope? Mvula ikandipeza panjira ndimanyowa.

Ndinagwapo kamodzi, ndisakunamizeni. Kunali kumaliro, amayi tikuphika, wina anangondipatsira chipanda cha masese kuti ndipereke kwa adzukulu okumba manda. Ndinalandira osaganiza, ndinagwada, ndipo mkulu wa adzukulu anati chotsani ufiti. Manda ali apo, anthu ali chete, ndikane bwanji? Ndinalawa, ndipo ndinadzuka patapita masiku ndili kwa anthu osawadziwa. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti pokanira si pamlomo, ndi pamanja. Ukalandira chipanda wagwa kale. Masiku ano pamaliro, paukwati, padima, wina akanditambasulira chilichonse cha mowa kuti ndipatsire mnzake, manja anga amapita kumbuyo. Ndimanena mokweza kuti ine Naphiri ndine chidakwa, sindigwira. Ena amati ndi mwano. Mwano womwewo ndi umene wandiimika pano.

Ndinabwerera kumunda, ndinatsegula kadimba kumtsinje, tomato ndi mpiru. Ndinayamba kukazinga zitumbuwa pamsika. Zitumbuwa palibe amene amati yamba walawa. Patapita nthawi ndinagula njinga yakale, ndipo ndinayamba kupita ku Mualadzi mwezi ndi mwezi, pamsewu, masana, ndili bwinobwino. Alongo anga ankandilandira, n'kukhala pafupi nane dala kuti amve mpweya wanga. Zinkandipsetsa mtima, koma ndinkapirira. Rozina ankabwera kudzagwada, kupereka moni, kulandira zitumbuwa ndi dzanja lamanzere, lamanja atabisa kumbuyo, kenako n'kubwerera kwa amama ake. Ine amanditcha amayi a ku Nsadzo.

Zaka zinadutsa choncho. Mwezi wathawu alongo anga anatuma uthenga woti ndipite, ali ndi mawu. Ndinadziwa. Ndinazira nyumba, ndinagula mphasa yatsopano, ndinakalankhula ndi aphunzitsi a sukulu ya kuno kuti amusungire malo. Pakaliyala ya njinga ndinapindapo nsalu yofewa n'kuimanga ndi mphira, kuti mwana asamve zitsulo pamsewu wa mabampu uja.

Nditafika tinakhala pakhonde, ine, alongo anga ndi alamu anga, maso a alamu ali psuu ndi kulira. Alongo anga anati, "Ndinalonjeza, ndipo ndaona ndi maso anga. Mwasiya. Mwana ndi wanu, mutengeni." Anamuitana Rozina. Ndi mtsikana tsopano, msinkhu wandifika paphewa, amalemba ndi dzanja lamanzere ndipo kusukulu akuti ndi wanzeru. Anagwada. Amalume ake anamuuza kuti alongedze zovala, akupita kukakhala ndi mayi ake.

Sanalire, sanathawe. Anayang'ana amalume akewo, n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi ndalakwa chiyani kuti mundithamangitse?"

Abale anga, ine ndamenyedwapo, ndatukwanidwapo, ndagonapo m'ngalande, koma chinthu chowawa ngati funso limenelo sindinachimvepo. Zaka zonsezi ndinkavutika kuti ndidzalandire mphotho yanga, osadziwa kuti kwa mwanayo kubwera kwa ine ndi chilango. Alongo anga anayamba kumukalipira kuti awa ndi mayi ako okubereka, ima msanga. Mwambo unali kumbali yanga, lonjezo linali kumbali yanga. Ndikanangoti tiye, akanakwera njinga ija, palibe akanandiletsa. Ndipo ndinkafuna, Mulungu akundiona, ndinkafuna.

Ndinati, "Achimwene, musiyeni." Ndinatembenukira kwa mwana, ndinati, "Sunalakwe kanthu, Rozina. Palibe akukuthamangitsa. Kwanu ndi kuno. Ine ndizibwera monga ndimabwerera." Anandiyang'ana kumaso, nthawi yoyamba chichokere tsiku la masanje lija, n'kuti, "Zikomo, amayi a ku Nsadzo." Anaimirira, anapita kukathandiza amama ake kusenda nyemba.

Ndiye musandifunse ngati ndine wokondwa kuti ndinasiya mowa. Ndine wamoyo, mutu wanga uli bwino, ndipo mawa sindimwa, mkuja sindimwa. Koma ndine wokwiya, ndipo ndikuona kuti ndidzafa ndili wokwiya. Inu amene ana anu akadali pakhomo panu, akadakuitanani amama ngakhale mukununkha, mukadali ndi chinthu chimene ine kusiya mowa sikunandibwezere. Tulukani muno mukachigwire ndi manja awiri, lero, osati pambuyo pokolola.

Ine ndinapalasa ndekha kuchokera ku Mualadzi mpaka kuno, kumbuyo kuli pepuu. Njinga yake ndi iyo yatsamira mtengo panjapo. Mukamatuluka muona nsalu pakaliyala. Sindinaimasule.